Kusunga thupi la malemu kotentha kuno ku Mangochi: zimene kuzizira kungathe ndi zimene sikungathe

Kale zovuta zikagwa m'mawa, pofika mawa lake masana anthu amakhala atabwerako kumanda. Kwa Asilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino, zikadali choncho: kusambitsa, kuveka sanda, kuswalira, jeneza n'kunyamuka. Koma mabanja ambiri tsopano akudikira. Mwana woyamba ali ku Joni, mwinimbumba ali ku Mzuzu, ndipo foni ikalira mawu ake ndi amodzi: "Musaike, ndikubwera." Kunena pa foni n'kosavuta. Thupi limene lagona m'nyumba ya malata mwezi wa Okutobala, dzuwa la kunyanja likuswa mtengo, silidikira basi ya munthu.

Choncho anamfedwa asanayambe kukambirana za bokosi ndi ufa, pali mafunso awiri oyenera kuyankhidwa m'maola oyambirira. Chamutenga n'chiyani? Nanga tikufuna masiku angati? Zina zonse zimachokera pa mayankho awiriwa.

Tsimikizani kaye kuti wapitadi

Munthu amene shuga wamutsikira kwambiri, amene waledzera mpaka kukomoka, wakhunyu amene wangogwa kumene, kapena amene wavuulidwa m'nyanja, amatha kuoneka ngati watisiya pamene akupuma pang'onopang'ono. Nkhani za anthu odzuka m'nyumba ya chisoni zimayambira pamenepa. Wachipatala amamvetsera mtima ndi kapumidwe kwa mphindi zisanu, amawalitsa tochi m'maso kuona ngati kamwanadiso kakuchepa, kenako ndiye amalengeza. Musamange chibwano, musatseke mphuno ndi thonje, musaike munthu pozizira wachipatala asanaone.

Ngati imfa ndi ya ngozi, yomira, ya ng'ona, yodzikhweza, kapena yadzidzidzi yokayikitsa, dziwitsani amfumu ndi apolisi, ndipo thupi lisasambitsidwe kapena kubayidwa mankhwala. Mankhwala osungira thupi amasokoneza zoyeza za poizoni, moti banja limene linathamangira kubayitsa silingadzapezenso yankho lomveka.

Maola atatu oyamba

Thupi limayamba kuuma pakatha maola awiri kapena atatu, kuyambira m'zikope ndi m'nsagwada, ndipo pofika maola 12 limakhala litauma gwa. Kotentha zimafulumira. Ntchito yowongola ichitike nthawi imeneyi isanakwane. Valani magolovesi. Gonekani malemu chagada, wongolani miyendo, manja agone m'mbali kapena pamimba. Tsekani zikope ndi kuzigwira pang'ono ndi chala kwa kamphindi. Ngati anali ndi mano oikirira, abwezereni tsopano, chifukwa nsagwada zikauma sadzalowanso. Mangani chibwano ndi kansalu kopyola pamwamba pa mutu. Ikani pilo kapena chitenje chopinda kumutu kuti mutu ndi mapewa zikwere pang'ono. Izi zimachepetsa kuda kwa nkhope ndi madzi otuluka m'kamwa. Pansi yalani pepala la pulasitiki, pamwamba pake nsalu.

Pali zizindikiro zina zimene zadanitsa abale kumaliro ambiri, pamene n'zachilengedwe. Mtima ukaima magazi amatsikira mbali imene ili pansi, ndiye kumsana ndi kumatako kumaoneka mabala akuda ngati munthu anamenyedwa. Potembenuza thupi, mpweya wotsala m'mapapo umatuluka ndi kaphokoso ngati kubuula. Mimba ikayamba kutupa, timadzi tofiirira timatuluka m'mphuno. Zonsezi si umboni wakuti wina wadyetsedwa kapena walodzedwa. Ngati banja likukayikira, njira yake ndi kupimitsa thupi kuchipatala, osati kuloza chala agogo a kutsidya.

Chimene chimaononga thupi, ndi mmene mungachichedwetsere pakhomo

Kuonongeka kumayambira m'kati. M'matumbo a munthu aliyense muli tizilombo tambirimbiri timene thupi lamoyo limatiletsa kufalikira. Moyo ukachoka timayamba kudya matumbowo, n'kumatulutsa mpweya wonunkha. N'chifukwa chake chizindikiro choyamba ndi khungu lobiriwira kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja. Kumadera ozizira izi zimatenga tsiku ndi theka kapena kuposa. Kuno masana akafika madigiri 35, zimatha kuoneka tsiku lisanathe. Amene anamwalira ndi thupi lotentha, wonenepa, wotupa miyendo ndi mimba, kapena amene wakhala m'madzi nthawi yaitali, amaonongeka msanga koposa.

Tizilomboti timachulukana msanga pofunda, pozizira timachita ulesi. Ndiye chofunika kuziziritsa ndi mimba, osati nkhope kapena mapazi.

Cholakwa choyamba chimene mabanja amachita ndi kufunditsa malemu mabulangete awiri atatu chifukwa cha ulemu. Bulangete limasunga kutentha m'kati. Nsalu imodzi yopepuka ndi yokwanira. Chachiwiri ndi kudalira fani. Fani imaziziritsa munthu wamoyo poumitsa thukuta. Malemu alibe thukuta, ndiye imangoumitsa milomo ndi zikope. Imathandiza pothamangitsa ntchentche basi.

Sankhani chipinda chozizira kuposa zonse, cha mbali imene dzuwa la masana siligunda. Nyumba yaudzu imaposa ya malata opanda siling'i. Pezani mabotolo a pulasitiki a malita awiri okhala ndi madzi oundana, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Kulungani lililonse m'kansalu. Awiri agone pamimba, awiri m'mbali mwa chiuno, awiri m'khwapa, otsalawo pakati pa ntchafu ndi pansi pa msana. Asungunuka pakatha maola awiri mpaka anayi, malinga ndi kutentha, choncho payenera kukhala munthu mmodzi woyang'anira zosintha, ndi gulu lina la mabotolo likudikira mufiriji. Apa mpamene ambiri amagwa nayo: botolo la malita awiri limafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti liume mufiriji ya pakhomo, ndiye firiji imodzi singakwanitse. Pemphani kwa anansi ndi kugolosale nthawi yomweyo. Pothira madzi m'botolo musadzadze mpaka pakamwa, chifukwa madzi akaundana amafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi n'kung'amba botolo.

Ngati mwagula zibuluma za madzi oundana kwa ogulitsa nsomba, ziphwanyeni ndi kuzimanga m'majumbo awiriawiri. Zikaikidwa zosamanga, madzi osungunuka amasakanikirana ndi zotuluka m'thupi n'kuyenderera pansi pamene amayi akhala. Mabotolo ndi majumbo amene akhudza thupi asabwererenso mufiriji ya zakudya osatsukidwa ndi klorini.

Ntchentche zimaikira mazira m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa m'maola ochepa chabe, ndipo kotentha mphutsi zimaswa tsiku lisanathe. Mangani neti ya udzudzu pamwamba ndipo m'mphepete mwake muzipinda pansi pa mphasa. Ngati malemu ali pabedi, miyendo ya bedi ilowe m'zitini za madzi kuti nyerere zisakwere.

Njira imeneyi ingakupatseni tsiku limodzi, mwina awiri ngati mwayamba msanga. Wa ku Joni akati afika Lachisanu pamene lero ndi Lolemba, musayese. Pitani kunyumba ya chisoni, kapena muikeni m'manda, mwanayo adzaone mtumbira. Mabanja ambiri anaphunzira nthawi ya Covid-19, kuyambira 2020, kuti mwambo ukhoza kuyenda wina akuonera pa foni.

Nyumba ya chisoni ndi kubaya mankhwala

Firiji ya kumotchale imasunga thupi pa madigiri 2 mpaka 4. Siiumitsa thupi ngati nsomba. Imangochedwetsa kuonongeka, ndipo sabata imodzi kapena ziwiri thupi limakhala looneka bwino ngati linafika lisanayambe kusintha. Limene lafika litatupa kale silibwerera mwakale. Ochokera kutali, monga ku Makanjira kapena ku Namwera, anyamuke usiku kapena mbandakucha, ndipo mabotolo aja ayende nawo.

Pofika funsani zinthu zitatu: kodi firiji ikugwira ntchito, magetsi akazima pali jenereta, nanga amalipiritsa bwanji pa tsiku. Onetsetsani ndi maso anu kuti dzina lalembedwa pa kachikwangwani komangidwa padzanja kapena pamwendo, osati pa nsalu yokha. Potenga thupi pakhale abale awiri odziwa bwino nkhope. Litulutseni nthawi yonyamuka itayandikira, chifukwa thupi lochoka mufiriji limachita chinyezi pakhungu ndipo limaonongeka mofulumira likangofunda. Bokosi lisakhale padzuwa pansi pa lona yakuda kudikira kwaya.

Kubaya mankhwala ndi njira ina. Wodziwa ntchitoyi amatsegula mtsempha waukulu wa pakhosi kapena wa pantchafu, n'kupopera malita angapo a mankhwala a formalin osungunula, magazi akutuluka pa mtsempha wina, kenako amakonzanso m'mimba. Mankhwalawa amalimbitsa minofu ndi kupha tizilombo. Amayenda m'mitsempha, choncho amagwira bwino tsiku loyamba mitsempha isanatsekeke. Ntchito ikayenda bwino, thupi limalimba mofanana mpaka kuzala. Mukapeza nkhope yalimba koma miyendo ndi mimba zili zofewa, mankhwala sanafike.

Chenjerani ndi anthu oyenda ndi jakisoni ndi kabotolo m'thumba, obaya pamimba ndi m'ntchafu m'nyumba ya siwa. Mankhwala obayidwa motero amangokhala pamene agwera, ndipo fungo lake limawotcha maso ndi m'chifuwa mwa amayi ogona m'chipindamo. Formalin akamapumidwa kawirikawiri amayambitsa khansa. Kwa Asilamu, funsani ashehe musanavomere kubaya. Ambiri salola pokhapokha lamulo likakamize, monga podutsa malire a mayiko.

Akamwalira ndi kolera

Thupi la munthu womwalira ndi BP, shuga, khansa, malungo kapena ukalamba silipatsira matenda kwa ongoyandikira, ndipo fungo palokha silidwalitsa. Magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo n'zokwanira. Kachilombo ka HIV ndi ka chiwindi timadutsa m'magazi, ndiye wosambitsa amene ali ndi bala padzanja apatse mnzake ntchitoyo. Wa TB muphimbeni kukamwa ndi kansalu pomutembenuza.

Kolera ndi nkhani ina. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Tizilombo ta kolera timakhala tamoyo m'chimbudzi ndi m'masanzi a malemu. Njira yake ndi yaifupi: kuchoka pathupi kupita m'manja mwa osambitsa, kuchoka m'manja kupita m'beseni losambira m'manja kapena m'ndowa ya thobwa, ndipo patatha masiku awiri atatu mudzi wonse ukutsegula m'mimba.

Munthu akamwalira atatsegula m'mimba zamadzi ngati otsukira mpunga, itanani alangizi a zaumoyo musanakhudze kanthu. Thupi silipita kumotchale kukadikira abale, silibayidwa, ndipo liikidwe tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Kufinya mimba kuti zotsala zituluke, kumene osambitsa ena anazolowera, apa n'koletsedwa. Thupi limapukutidwa ndi klorini wamphamvu, m'kamwa, m'mphuno ndi kumbuyo n'kutsekamo thonje loviika mu klorini yemweyo, kenako limakulungidwa m'thumba la pulasitiki. Sanda ikhoza kuvekedwa, swala ikhoza kuchitika anthu ataima patali pang'ono. Ndipo chiphunzitso cha Chisilamu chili ndi njira ya tayammum, yoyeretsa ndi dothi louma m'malo mwa madzi, pamene kusambitsa ndi madzi kungaike amoyo pangozi. Ashehe ndi azaumoyo akambirane thupi lisanakhudzidwe.

Kasungunulidwe ka klorini kali patatu, ndipo kusokoneza kumavulaza. Ngati muli ndi waufa uja wa HTH: wa thupi, wa 2 peresenti, ndi masupuni akulu awiri osasefukira pa lita imodzi ya madzi. Wa pansi, pabedi, ndowa ndi zovala, wa 0.2 peresenti, ndi masupuni akulu awiri pa malita 10. Wosamba m'manja, wa 0.05 peresenti, ndi supuni yaikulu imodzi pa malita 20. Ngati muli ndi Jik wolembedwa 3.5 peresenti: wa thupi ndi makapu anayi a Jik pa makapu atatu a madzi, wa pansi ndi kapu imodzi pa makapu 16, wa m'manja ndi kapu imodzi ya mamililita 300 m'ndowa ya malita 20. Sungunulirani m'ndowa ya pulasitiki yovindikira, chifukwa klorini amadya chitsulo ndipo amatha mphamvu padzuwa. Ofooka awiriwo akonzedwe atsopano tsiku lililonse. Lembani pa ndowa iliyonse kuti ndi ya chiyani; wa 2 peresenti amasupula manja. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wobanika nawo. Mankhwala a m'kabotolo othira m'madzi akumwa ndi ofooka, sangagwire ntchito ya pathupi.

Amene akhudza thupi, adzukulu ndi osambitsa, asayandikire kukhitchini kapena kutunga madzi akumwa tsiku limenelo. Ngati chakudya chiphikidwa, chidyedwe chotentha, ndipo posamba m'manja wina azithirira ndi jagi, osati onse kuviika m'beseni limodzi. Manda akhale kutali ndi chitsime kapena mjigo, mamita osachepera 30. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi mwa Shire madzi a pansi ali pafupi, makamaka dzinja. Adzukulu akaona madzi akutumphuka m'dzenje, asamukire pamtunda.

Thupi lochokera ku Joni

Pamafunika chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti thupi labayidwa mankhwala, kalata ya dokotala yakuti matenda sanali opatsirana, chilolezo cha unduna wa zaumoyo wa ku South Africa chotulutsira thupi, ndi kalata ya ofesi ya kazembe wa Malawi. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse monga lilili pa pasipoti. Chilembo chimodzi chosiyana chimaimitsa galimoto pa Beitbridge. Ulendo wodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete umatenga masiku awiri kapena atatu mu ngolo yotentha, ndiye manda akumbidwiretu. Bokosi likafika, abale awiri alitsegule kaye paokha, ndiye aweruze ngati anthu angaone nkhope.

Za kuumitsa thupi kuti adzadzutsidwe

Achinyamata amene amaonera mavidiyo pa foni amafunsa: ngati kuzizira kumasunga thupi, bwanji osaliumitsiratu mpaka madokotala a m'tsogolo adzapeze mankhwala? Zimenezi zilipodi, amazitcha cryonics. Woyamba kuumitsidwa anali James Bedford wa ku California, pa 12 Januwale 1967, ndipo thupi lake likusungidwabe ndi bungwe la Alcor ku Arizona. Robert Ettinger, amene anafalitsa ganizoli, anayambitsa Cryonics Institute ku Michigan mu 1976, ndipo iyenso anaumitsidwa komweko atamwalira mu 2011. Onse pamodzi padziko lapansi alipo mazana angapo. Mtengo wake umayambira pa madola 28,000 mpaka kuposa 200,000.

Amachita motere. Dokotala akangolengeza imfa, thupi limamizidwa m'madzi a ayezi, makina akupopa chifuwa kuti magazi aziyendabe, ndipo amabaya mankhwala oletsa magazi kuundana. Kenako amachotsa magazi n'kulowetsa mankhwala oletsa madzi a m'thupi kusanduka ayezi. Amaziziritsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpaka madigiri 196 kunsi kwa ziro, n'kuliika chazondoka m'thanki ya nayitrojeni wamadzi, amene amafunika kuwonjezeredwa nthawi ndi nthawi mpaka kalekale.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsidwapo. Chifukwa chake chili m'botolo lija long'ambika mufiriji. Thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi, ndipo madziwo akaundana amapanga timinga ta ayezi timene timaboola ndi kufinya maselo. Aliyense amene anasungunulapo chambo chimene chinauma pang'onopang'ono amadziwa mmene nyama yake imafewera ndi kuchucha madzi. Mankhwala oletsa ayezi aja nawonso ndi poizoni ku maselo akachuluka, safika paliponse mofanana, ndipo chinthu chachikulu ngati thupi chimatha kuchita ming'alu pozizira kwambiri. Kuwonjezera apo, ubongo umayamba kuonongeka pakangotha mphindi zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi wopanda mpweya, ndipo matenda amene anapha munthuyo amakhala akadali momwemo.

Zimene zimathekadi ndi zazing'ono. Umuna wa ng'ombe umene alangizi a ziweto amayenda nawo m'kathanki umasungidwa mu nayitrojeni yemweyo ndipo umabereketsa. Mmodzi mwa ana oyamba ochokera ku miluza youmitsidwa anabadwa ku Australia mu 1984. Mu 2023 akatswiri a ku yunivesite ya Minnesota anaumitsa impso za makoswe mpaka masiku 100, n'kuzifunditsa ndi kuziika mwa makoswe ena, zinagwira ntchito. Koma impso ya khoswe ndi yaing'ono ngati nyemba, ndipo inachotsedwa ili yamoyo. Kusunga kwenikweniko kumadaliranso kuti kampani isagwe: mu 1979 ku Chatsworth, ku California, matupi asanu ndi anayi anapezeka ataola ndalama ndi nayitrojeni zitatha. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama kuti akulembetseni ku zoterezi, sungani ndalama zanuzo. Ndipo firiji youmitsira nsomba musaikemo thupi: khungu limasintha mtundu, miyendo singapindike kapena kuwongoka, ndipo likasungunuka limaonongeka msanga kuposa poyamba.

Kulemba zofuna zanu mukadali moyo

Kukamba za maliro ako uli wamoyo kunkatengedwa ngati kudziitanira tsoka, koma mikangano yambiri ya pasiwa imabwera chifukwa malemu sananene kanthu. Pepala limodzi ndi lokwanira. Lembanipo kumene mukufuna kukagona, kwanu kobadwira kapena kumene mukukhala. Ngati abale akutali adikiridwe, ndipo masiku angati. Ngati mukulola kubayidwa mankhwala. Amene adzatsogolere mwambo, mpingo kapena mzikiti. Ndi kumene kuli mapepala a inshulansi ya maliro kapena a kagulu kamene mumasonkhako. Za katundu zikhale pa wilo yapadera, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandira kanthu, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011. Pepala la maliro lisatsekeredwe m'sutikesi pamodzi ndi wilo, chifukwa sutikesi imatsegulidwa anthu atabwera kale kumanda. Lina likhale ndi akazi anu kapena amuna anu, lina ndi mwinimbumba, ndipo mulijambule pa foni n'kutumizira uja wa ku Joni.